Mapaipi a kwa Namwiyo

Nthawi ya chipani chimodzi

Mukandimva ndikukangana ndi wailesi nthawi ya kampeni, inu ana anga mumatsinana n'kumati mdala wayamba kuzungulira mutu. Mutu wanga uli bwinobwino. Chimene chimandiwawa ndi mapaipi, ndipo ndalemba chigawo chino kuti mudziwe chifukwa chake kuno kwa Namwiyo, mudzi wa amayi anu, mukutungabe madzi kumtsinje pomwe bambo wanu anakalambira pa ntchito ya madzi.

Ntchito ndinayamba dziko likadali la chipani chimodzi. Anandilemba pa Boma kuti ndiziyang'anira mipopi ya m'midzi, n'kundipatsa njinga yakapalasa, sipanala, chitini cha guluu ndi ovolosi yoti tikanakwanamo anthu awiri. Madzi athu sankafuna injini. Tinkawatchera kumtunda m'phiri, kumene mtsinje umakhala ukadali woyera, ndipo ankatsika okha m'mapaipi mpaka m'mathanki, kuchoka m'mathanki n'kumwazikira m'midzi. Lamulo linali loti anthu a mudzi akumbe ngalande ndi manja awo, boma libweretse mapaipi, ine ndilumikize. Ntchitoyi ndinkaikonda kwambiri. Tsiku lotsegula mpopi watsopano, ngakhale nkhalamba zoyendera ndodo zinkabwera kudzayika dzanja pamadzi.

Dera lathu loyimiridwa ndi phungu mmodzi, limene sindilitchula dzina, lili ndi mbali ziwiri. Kumtunda kuli maesiteti a tiyi, makomboni a antchito ndi msewu wopita ku Muloza. Kumunsi kuli midzi ya alimi a chinangwa ndi nandolo, mpaka kukafika kumalire. Paipi yaikulu inadutsa kumtunda konse n'kudzathera pa thanki ya pa kaphiri kuseri kwa sukulu. Kuchoka pa thankipo kufika kwa Namwiyo si patali, munthu amapita n'kubwerako dzuwa lisanatenthe. Akuluakulu anati mapaipi atha, tidzapitiriza chaka chamawa, ndipo ananditumiza kuti ndikayezeretu njira.

Ndi poyeza pomwepo pamene ndinakumana ndi amayi anu. Ankakwera chitunda kuchokera kumtsinje, ndowa pamutu, ndipo anandifunsa ngati chingwe chimene ndinkakokacho chimatulutsa madzi. Ndinawayankha monyada kuti chaka chisanathe adzatungira pakhomo. Anaseka mpaka madzi anawathira kumsana. Tinakwatirana, ine n'kudzakhala mkamwini m'mudzi muno, ndipo achimwene awo, a Mukhova, amene inu mumawati amalume, anandipatsa dzina loti a Mipopi. Nthawi imeneyo linali dzina laulemu. Za phungu sitinkazilabadira, tinkangomva kuti aliko. Chaka chamawa chija sichinafike mpaka chipani chimodzi chinatha.

1994

Zipani zitachuluka, mapaipi nawo anayamba kupezeka. Mwezi wokolola usanathe, lole inabwera n'kudzatsitsa mulu wa mapaipi atsopano pamphepete pa msewu, pafupi ndi sukulu. Amene ankayimira chipani chokondedwa kuno anakwera pa tebulo, n'kuloza muluwo, n'kunena kuti masiku omwera limodzi ndi mbuzi atha. Bwana wanga pa Boma anali a Chimenya, munthu wofatsa wovala jekete ngakhale kutenthe, ndipo iwo anandiuza kuti ndisonkhanitse anthu ayambe kukumba. Ndinayenda khomo ndi khomo. Anthu anasiya chimanga m'munda chikudyedwa ndi chiswe, natenga makasu ndi mapiki, n'kumakumba akuyimba. A Mukhova anawasankha kukhala wapampando wa komiti ya madzi, ndipo apongozi anga, amene mwa mwambo sitinkayang'anana kumaso, anatumiza mawu akuti mudzi wapeza mkamwini weniweni.

Tinavota mudzi wonse mbali imodzi, ndipo munthu uja anapambana. Patangopita masabata owerengeka, lole yomwe ija inabwera kudzatenga mapaipi, akuti akufunika mwachangu kumtunda, kumene mavoti anagawikana ndipo anthu ankafunika kuwanyengerera. Ife tinali kale m'thumba, ndiye panalibe chotivutikira. Anatiuza kuti athu akubwera. Mvula ya chaka chimenecho inakwirira ngalande yonse, ndipo ndikamadutsa pa njinga amayi ankandifunsa ngati ndabweretsa madzi m'thumba la ovolosi.

1999

Zinabwerezeka ngati nyimbo ya kutchalitchi. Lole, mulu pamsewu, tebulo, chala choloza. Phungu anali yemwe uja, atanenepa khosi. A Chimenya anandilumbirira kuti ulendo uno ndi zoona, ndipo ine ndinakalumbira kwa anthu. Anakumbanso, koma mosayimba. Pofika tsiku lovota mudzi unali utapangana kuti munthu wabodza aone polekera, ndipo kumunsi konse kunavotera wina.

Apa m'pamene ndinaphunzira chinthu chimene pa wailesi sanena. Voti ndi yachinsinsi kwa munthu mmodzi, koma kwa mudzi ilibe chinsinsi, chifukwa amawerengera pasukulu pomwepo ndipo aliyense amadziwa midzi imene imavotera pamenepo. Phungu anapambananso ndi mavoti a kumakomboni. Anyamata ake anabwera masana, anthu akuona, n'kukweza mapaipi onse. Mmodzi anatiuza kuti tikapemphe madzi kwa amene tinamuvotera. Ine ndinaima pamenepo ndi sipanala m'manja ngati chitsiru. Tinavotera wopambana, anatiiwala. Tinavotera wogonja, anatilanga. A Mukhova anandiyang'ana n'kunena kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo, ndipo kuyambira tsiku limenelo dzina la a Mipopi linasanduka chipongwe. Ngakhale ana ankandiitana choncho akabisala kuseri kwa nthochi.

2004

Chaka chimenechi ndicho chinandithyola msana. Lole itatsitsa mulu wachitatu, a Chimenya anandiitanitsa pa Boma. Anatseka chitseko, zimene sankachita, n'kundiuza kuti anthu akumbe monga mwa nthawi zonse, koma mapaipi ndisawakhudze mpaka chisankho chidutse. Kale ankandinamiza kuti guluu wachedwa kapena lole yalakwitsa katundu. Tsiku limenelo anatopa nako kunama.

"Paipi ikalowa pansi, olemekezeka aloza chiyani pamsonkhano?" anandifunsa.

"Bwana, anthu aja ndi kachitatu tsopano. Ndi abale a mkazi wanga. Ndikawauza chiyani?"

"Inenso ndili ndi ana, a Makwinja. Mukaika paipi imodzi pansi, sindidzatha kukutchinjirizani."

Sindikuwada a Chimenya. Anali munthu wamantha, ndipo mantha awo anawafikitsa pa penshoni ali pa mpando womwewo. Ndinapalasa njinga kubwerera kumudzi mutu uli gwa. Ndinkadziwa kuti ndikamvera, mapaipi adzakweranso lole, kaya tivote bwanji. Ndikapanda kumvera, ntchito ikhoza kutha, inu muli kusukulu, wamng'ono akadali kumsana. Amayi anu ndinawapeza kumunda akukolola, ndipo ndinawafotokozera zonse, ndikuyembekeza kuti andiuza zochita. Sanasiye n'kukolola komwe.

"Ntchito ndi yanu, khosi losenza ndi langa," anatero. "Musandifunse ine. Koma mukawasiya pamsewu paja, musadzaitanenso abale anga kuti akumbe."

M'mawa mwake ndinapita kwa a Mukhova n'kuwauza kuti tikwirira. Poyamba anaganiza kuti ndi bodza linanso. Ataona ndikutsegula chitini cha guluu pamaso pawo, anatuma uthenga m'midzi yonse ya kumunsi. Sitinabe usiku ngati akuba, tinagwira dzuwa likuswa mtengo. Amuna ankanyamula mapaipi pamapewa kuchoka pamsewu, ine ndikulumikiza, amayi akubwera m'mbuyo kukwirira ndi kupondaponda. Nyimbo zinabwerera. A Mukhova anaganiza zoti pamwamba ponse pamene paipi yadutsa tibzalepo chinangwa ndi mbatata, kuti anyamata a phungu akabwera ndi mapiki asadziwe pokumba. Kumapeto kwa mzere, pansi pa mtengo wa mango wa pakhomo pathu, ndinamanga chipilala cha simenti n'kuikapo mpopi wonyezimira. Amayi anu anaupukuta ndi chitenje chawo.

Chinatsala n'chinthu chimodzi, vavu yachitsulo yolumikizira mzere wathu ku thanki. Imeneyo sinkagulitsidwa m'golosale. Inali m'sitolo ya ofesi pa Boma, kiyi ali m'thumba la jekete ya a Chimenya, ndipo kuboola thanki ya boma popanda chilolezo unali mlandu wa kupolisi. Ine ndinkaganiza kuti akaona ntchito yonse yatha, manyazi adzawagwira n'kutulutsa kachitsuloko. Ndinali ndisanadziwe kuti manyazi ndi katundu wa anthu osauka.

Tsiku la msonkhano phungu anafika ndi magalimoto ndi ng'oma, n'kupeza pamphepete pa msewu pali udzu wofota basi. Anakwera pa tebulo, chala chili chokonzeka, koma chosowa poloza. Wina kumbuyo anafuula kuti aloze pansi, ndipo anthu anaseka. Kuseka kumeneko ndi kumene ndinalipira ine. Sabata lisanathe anandisamutsira kuseri kwa phiri, kumene basi inkafika mwa apo ndi apo, ndipo anandiuza kuti ndithokoze kuti sanandichotse. Amayi anu sakanasiya munda ndi mudzi wawo, choncho ndinapita ndekha. Zaka zimene munkakula, ine ndinkakuonani ngati mlendo wa pa Khirisimasi.

Phungu uja anagwa chaka chimenecho. Kumunsi ndi kumtunda komwe anamukana, n'kusankha munthu woima payekha, wolankhula bwino, amene anadya nafe nyemba za kalongonda pa mphasa. A Mukhova anavala malaya a kutchalitchi n'kupita kukamupempha vavu. Anawalandira ndi tiyi, n'kuwauza kuti mapaipi amenewo ndi a phungu wakale, ndipo iye abweretsa chitukuko chakechake.

Kuchoka 2009 kufika 2019

Zaka zimenezi sindizilemba chimodzichimodzi chifukwa zimafanana ngati mazira. Dera lathu linaphunzira kugwetsa aphungu, ndipo linkagwetsa ndi mtima wonse. Pena kumtunda kunkapambana, pena kumunsi, pena tinkagwirizana kutsatira mphepo ya chipani chimene chili m'boma. Mayina awo enieni anthu anayiwala, timawakumbukira ndi zimene ankagawa. Kunali wa zitenje, amene nkhope yake inakhala pa matako a amayi a dera lonse mpaka inasuluka. Kunali wa mpira, amene anabweretsa chikho. Kunali wa mabokosi, amene sankaphonya maliro, moti okalamba ankati ndi bwino kufa iye akadali pampando. Mmodzi anabweretsadi galimoto yokumba mjigo, ndi chikwangwani cha dzina lake chokonzeratu, koma anapeza mwala pansi n'kubwerera nacho chikwangwanicho.

Aliyense wa iwo a Mukhova anamupitira, ndipo ine ndikabwera pa tchuthi ndinkapita nawo. Palibe anakana. Onse ankagwedeza mutu, n'kufunsa kuti ntchitoyo anayamba ndani. Akamva, nkhope inkazizira. Munthu wandale safuna kumaliza nyumba ya mnzake, angakonde kuyamba maziko ake n'kuwasiya. A Chimenya anapuma ntchito, amene anabwera pambuyo pawo anati vavu ija sakuidziwa, ndipo m'mabuku a ofesi mzere wa kwa Namwiyo munalibe chifukwa unayalidwa popanda chilolezo. Anthu ena a m'mudzi anayamba kunena kuti ndinalakwa kukwirira, bola akanakhala pamsewu tikanamawaona. Zimenezo zinkandipweteka kuposa kusamutsidwa.

Nditapuma ntchito ndinabwerera kuno n'kupeza amayi anu atapindika. Khosi ndi msana zinali zitatha ndi chitunda cha kumtsinje, ndipo madzi ankawatungira ndiwe Esinati, mwana wathu woyamba. Pa chipilala changa chija ankamangirirapo mbuzi. Sanandinenepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo ndikanakonda akanandinena. Anamwalira chaka chopanda chisankho, choncho bokosi tinakhoma tokha. Madzi owasambitsa anachokera kumtsinje.

Chinkandisunga ndi chinthu chimodzi. Ndikamayenda m'minda ndinkadziwa kuti pansi pa mapazi anga pali paipi yanga, yolumikizidwa bwino kuchoka pa thanki mpaka pa mango, ndipo palibe lole ingaitenge. Amene ankakumba nafe ambiri anamwalira, minda inasinthana manja, maso a a Mukhova anachita khungu, moti wodziwa njira yonse ndinatsala ndekha. Ndinkadziuza kuti tsiku lina munthu mmodzi wanzeru adzabwera ndi kachitsulo kamodzi, ntchito ya m'mawa umodzi, ndipo madzi adzatuluka.

2025

Chisankho cha chaka chimenechi chinagwa nthawi yotentha, mtsinje utauma. Tsiku lina a Mukhova anafika pakhomo akutsogoleredwa ndi anyamata ovala bwino, a munthu wina watsopano amene ankafuna mpando. Anandipatsa ulemu wonse, kugwada ndi kuwomba m'manja. Anati amva mbiri yanga, kuti ndine ngwazi ya dera lino, ndipo bwana wawo akufuna kumaliza ntchito imene ena onse anaithawa. Anatulutsa vavu m'galimoto n'kundipatsa kuti ndiigwire. Inali yeniyeni, yolemera, ya saizi yake. Ndinaitembenuza uku ndi uku.

"Alamu, mwina Mulungu watikumbukira," anatero a Mukhova. "Asonyezeni anawa."

Anyamatawo anati akufuna kufukula malo ochepa okha kuti aone ngati mapaipi akadali amoyo. Ndinatenga ndodo yanga n'kuwatsogolera kuchoka pa thanki, kudutsa m'chinangwa cha anthu, kuzungulira manda, kuwoloka kakhwawa, iwo akukhoma zikhomo m'mbuyo mwanga. Ndinayenda ngati mnyamata tsiku limenelo. Ndinawafotokozera ngakhale pamene paipi imakhota ndi chifukwa chake. Madzulo ndinapita kukamasula mbuzi pa chipilala n'kupala mpopi ndi mchenga.

M'mawa mwake anabwera ndi gulu la aganyu ochokera kwina, ndipo sanafukule malo ochepa. Anafukula mzere wonse, akudula ndi sowo pamene ndinamata guluu, n'kumanyamula zidutswa kupita nazo kumsewu. Ndinathamangira wamkulu wawo n'kumugwira malaya. Anandichotsa dzanja mwaulemu n'kunena kuti mapaipi akale ayenera kuyesedwa kaye, ndipo bwana akufuna anthu aone ndi maso kuti ntchito yayamba. Pamwamba pa mulu anaikapo mapaipi angapo atsopano, vavu ija n'kuikhazika patsogolo pa tebulo. Koma anga anali ofiira ndi dothi la zaka zonsezi, ndipo anaona kuti pa chithunzi saoneka bwino. Anauza amayi a m'mudzi kuti akatunge madzi adzawatsuke, aliyense alandira chitenje.

Ndinaima pamsewu n'kuona mzere wa amayi ukukwera chitunda kuchokera kumtsinje wouma uja, kumene anachita kufukula mchenga kuti apeze madzi, n'kudzawathira pa mapaipi. Iwe Esinati unali mumzeremo. Unandiona, n'kutsitsa ndowa, n'kundiuza motsitsa mawu kuti, "Bambo, pitani kunyumba. Akuti asaoneke akale." Sindinakukwiyire ndipo sindikukwiyira. Ndinapita kunyumba monga unanenera, ndipo ng'oma za msonkhano ndinazimvera pa khonde.

Tsiku lovota sindinapite kusukulu, koyamba chiyambire. Amene anapambana ndinamva dzina lake pa wailesi, koma sindinafunse ngati kwa Namwiyo kunamuvotera kapena ayi, chifukwa mayankho onse awiri ndinawaona kale. Lole inabwera mvula isanagwe, n'kutenga mapaipi atsopano, akale ndi vavu yomwe. Aganyu aja sanabwerere kudzakwirira, ndipo ngalande inatsala yasa pakati pa minda ya anthu, mpaka mwana wa kwa aneba anagweramo n'kuthyoka mkono. Eni minda anabwera kwa ine, poti ndine ndinasonyeza njira.

Ndiye masiku ano mukandisowa pakhomo m'mawa, ndili kumeneko ndi amalume anu. Iwo saona, choncho ndimawaimika m'mphepete n'kuwagwiritsa khasu, iwo akukokera dothi, ine ndikupondaponda. Tayambira ku thanki ndipo tikutsika pang'onopang'ono kulowera ku mango. Dzana anaima n'kundifunsa, osaseka, ngati ulendo uno taikamo kanthu. Ndinawauza kuti ayi, alamu, kwirirani.